Uthenga wa pa foni ungakhale woona koma wosokeretsa

Boma la Mwanza lili pa msewu umene mabasi ndi mathiraki ochokera ku Johannesburg amalowera m'dziko muno akadutsa ku Tete ndi pa Zobue. Mabanja ambiri ali ndi abale ku South Africa kapena ku Mozambique, ndipo nkhani zaumoyo za kumeneko zimafika pa WhatsApp msanga kuposa kalata ya ku Unduna wa Zaumoyo. Amene amafunsidwa ngati nkhanizo n'zoona ndi alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka m'midzi.

Bodza lamkunkhuniza silivuta kwenikweni kulizindikira. Umene umavuta ndi uthenga woona umene wachotsedwa tsiku, malo ndi chifukwa chake.

Mu Febuluwale 2021, dziko la South Africa linaimitsa dongosolo lopereka katemera wa COVID-19 wa AstraZeneca. Pa 11 Malichi, dziko la Malawi linayamba kupereka katemera yemweyo. Munthu wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache akanalandira uthenga wa mbale wake wonena kuti kumeneko katemerayo amukana, sakanakhala kuti wanamizidwa. Chosowa chikanakhala chifukwa chake. Kafukufuku wa anthu pafupifupi 2,000 anasonyeza kuti katemerayo sankateteza mokwanira ku kudwala pang'ono koyamba ndi mtundu wa kachilombo umene unali utafala kumeneko, umene pambuyo pake unatchedwa Beta. Sanapeze kuti katemerayo ndi woopsa. Komanso ambiri mwa anthuwo anali achinyamata amene sadwala mwakayakaya kawirikawiri, choncho kafukufukuyo sakanatha kuyankha funso lalikulu, loti kodi katemerayo amapulumutsa ku imfa. Bungwe la WHO linapitiriza kulangiza kuti agwiritsidwe ntchito. Zonsezi sizilowa mu uthenga wa mawu wa mphindi imodzi.

Zithunzi nazo zimatero. Pa 19 Meyi 2021, boma linatentha katemera 19,610 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, pamaso pa atolankhani. Katemerayo anali atatha mphamvu pa 13 Epulo, ndipo cholinga chinali choti anthu akhulupirire kuti sabayidwa wotha ntchito. Chithunzi cha tsikulo chitayendanso lero popanda tsiku, chingaoneke ngati umboni wakuti katemera wapezeka ndi vuto.

N'chifukwa chake funso loti "n'zoona kapena n'zabodza" silikwanira palokha. Mlangizi ayambe ndi kufufuza amene anayambitsa uthengawo, osati amene wautumiza. Wotumiza akhoza kukhala m'busa, mphunzitsi, ngakhale namwino mnzake, ndipo kukhulupirika kwake sikusintha zimene zili mu uthengawo. Mawu akuti "dokotala wina wanena", opanda dzina kapena chipatala, si gwero. Chizindikiro cha Unduna pa chikalata sichitsimikizanso kanthu, poti aliyense wodziwa foni angathe kuchimata. Chikalata chenicheni chimapezekanso pa tsamba la Unduna pa Facebook kapena ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Timivi tiwiri timene WhatsApp imaika pamwamba pa uthenga timangotanthauza kuti wadutsa m'manja ambiri.

Kenaka afunse kuti zinachitika liti, kuti, ndi kwa anthu otani. Uthenga ukatchula kafukufuku, chofunika n'kudziwa kuti anayeza anthu angati, a misinkhu yanji, ndipo ankafuna kuyankha funso liti. Uthenga wolamula kuti utumizidwe kwa aliyense mwamsanga, kapena wothera pa nambala yogulira mankhwala, ndi wofunika kuukayikira kwambiri.

Sikuti nkhani iliyonse yochokera kutsidya ndi yoikayikira. Mu Meyi 2022, dziko la Mozambique linalengeza kuti mwana wa m'chigawo cha Tete wapezeka ndi poliyo, patangotha miyezi itatu matendawa atapezeka ku Lilongwe. Imeneyo inali nkhani yoti Mwanza aimve msanga, ndipo inali ndi gwero, tsiku ndi malo.

Pamene mlangizi sakutsimikiza, angathe kuimbira foni ku Chipatala Cha Pa Foni, kapena kufunsa woyang'anira wake asanayankhe. Kuuza mayi kuti yankho libwera pa sikelo yotsatira n'kwabwino kuposa kungomuuza kuti "zabodza zimenezo", chifukwa mayiyo akadzamva kuti South Africa inaimitsadi katemerayo, sadzabweranso ndi funso lina.