Mneneri ali ngati nkhoswe ya banja

Kwa Malengachanzi ku Nkhotakota, msodzi akapha usipa wambiri n'kumwera ndalama zonse kudoko, mkazi wake sathamangira kwa woombeza. Amapita kwa ankhoswe. Iwo amakhazika awiriwo pamphasa, n'kuwakumbutsa zimene anagwirizana tsiku la chinkhoswe, kenako n'kuchenjeza mwamunayo: "Achimwene, mukapitiriza chonchi banjali litha." Sikuti achita kulota ayi. Pangano akulidziwa, n'chifukwa chake akuona kumene zinthu zikulowera.

Aneneri amene Mateyu amawatchula mu uthenga wake ankagwira ntchito yomweyi. Mulungu anapangana ndi Abrahamu kuti mitundu yonse idzadalitsidwa kudzera mwa iye. Pa phiri la Sinai, Mose anawaza anthu magazi a ng'ombe potsimikizira pangano. Davide naye analonjezedwa ufumu wosatha. Aisraeli atayamba kupembedza mafano ndi kupondereza amphawi, aneneri anadzuka. Hoseya anafika poyerekeza mtunduwo ndi mkazi wothawa mwamuna wake. Koma nkhoswe yabwino siithetsa banja msanga. Yeremiya, pamutu 31, ananena za pangano latsopano lodzalembedwa m'mitima.

N'chifukwa chake Mateyu amayamba ndi mndandanda wa maina umene ambiri timaudumpha powerenga. Mibadwo 42, m'magulu atatu a 14, imachokera kwa Abrahamu, kudutsa kwa Davide ndi ku ukapolo wa ku Babulo, mpaka kwa Yesu. Apa Mateyu akuitana mboni zonse za ukwatiwo kuti zikhale pansi. Akamatchula mawu a Mika pa kubadwira ku Betelehemu, kapena a Yesaya pa dzina la Imanueli, akutsimikiza kuti mwini lonjezo sanabwerere m'mbuyo. Pamutu 26, Yesu akunyamula chikho n'kunena kuti vinyoyo ndi magazi ake a pangano, okhetsedwa kuti machimo akhululukidwe. Magazi a ng'ombe a pa Sinai paja ankalozera pamenepa. Chikho chimenechi chakhala chikukwezedwa ku Nkhotakota kuyambira pamene amishoni a UMCA anakhazikika mu 1894, ndipo mpaka lero Akhristu amachilandira m'tchalitchi cha All Saints.

Masiku ano aneneri achuluka. Ena amatchula nambala ya foni yanu, ena amalonjeza injini ya boti mukangopereka "mbewu". Musanamasule kansalu ka ndalama, funsani kuti akukukumbutsani pangano liti, nanga akukudzudzulani pa tchimo liti. Mneneri wongonena zokoma, wosakubwezerani kwa Mulungu amene munapangana naye, ndi woombeza chabe.