Bwalo la Basiketibolo Pakhomo

Masewera a basiketibolo anayamba m'chaka cha 1891 mumzinda wa Springfield ku America. Mphunzitsi wina, dzina lake James Naismith, anakhomera madengu awiri m'mwamba nauza ophunzira ake kuti aziponyeramo mpira. Madenguwo anali mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo muyeso umenewu sunasinthe mpaka lero.

Bwalo lathunthu la masewerawa limatalika mamita 28, ndipo m'lifupi mwake ndi mamita 15. Malo otere ndi osowa pakhomo, ngakhale ku Area 10, Area 12 kapena Area 43 mumzinda wa Lilongwe kumene mipanda ya nyumba ndi yotakasuka. Choncho banja lofuna bwalo limakonza kachigawo chabe, kokhala ndi mkombero umodzi. Chofunika n'chakuti pakwane mzere woponyerapo mpira, umene umakhala mamita 4.6 kuchokera pa thabwa la mkomberowo.

M'nyumba zikuluzikulu zamasewera pansi amayalapo matabwa osalala. Panja matabwa sangathe kupirira. Mvula ya ku Lilongwe, imene imagwa kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, ingawafufumitse, ndipo otsalawo chiswe chingamalize. N'chifukwa chake pabwalo la pakhomo pamayenera matailosi a pulasitiki. Matailosiwa ali ndi mano m'mbali mwake olumikizirana, ndiponso timabowo todutsa madzi. Salira guluu kapena misomali. Izi n'zothandiza kwa anthu okhala m'nyumba za lendi, chifukwa tsiku losamuka amangowazula ndi kuwalonga m'makatoni. Koma si otsika mtengo, popeza amachokera kunja kwa dziko lino. Wogula wanzeru amayamba wafunsa ngati anapangidwa kuti azikhala padzuwa, pakuti pulasitiki wamba amauma n'kuyamba kuthetheka.

Ntchito yaikulu ili pansi pa matailosi. Sayalidwa pa kapinga kapena pa dothi, chifukwa pamalo a zigwembe mpira sudumpha bwino, ndipo wosewera akhoza kubinya phazi. Pamafunika konkire yosalala. Simenti imapezeka m'masitolo a ku Old Town, monga a mumsewu wa Malangalanga. Mmisiri amasalaza malowo, nasinja dothi kuti lilimbe, kenaka n'kuthira konkire. Amayesa ndi levulo kuti bwalo lipendekeke pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse, kuti madzi a mvula asamadikhe. Konkireyo imathiriridwa madzi masiku oyambirira, ndipo imakhwima bwino pakapita masiku 28. Ambiri amalephera kudikira, makamaka ana akamaumiriza.

Kuyala matailosi ndiye n'kosavuta. Munthu amayambira pangodya imodzi, nalumikiza mzere ndi mzere, uku akugogoda ndi nyundo ya mphira. M'mphepete mwa khoma amasiya mpata wokwana chala, chifukwa dzuwa la mu Okutobala likaswa mtengo, pulasitiki amafutukuka. Popanda mpatawo bwalo limatukumuka pakati.

Mzati wa mkombero uimikidwe kumpoto kapena kummwera kwa bwalo, kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lisamathobwe m'maso oponya mpira. Ukhalenso kutali ndi mawindo. Mizati yonyamulika ili ndi tsinde la mphako limene amadzazamo madzi kapena mchenga. Mchenga ndiwo wabwino, pakuti ndi wolemera ndipo sudontha. Tsinde likapepuka, mphepo kapena mwana wolendewera pa mkombero akhoza kugwetsa mzati wonse.