Timaboti Tokoka Zimphona: Ndani Aposa Anzake?

Mukatsegula MarineTraffic kapena VesselFinder n'kuyang'ana doko lalikulu ngati la Durban, muona timadontho tikupiringana mozungulira zombo zikuluzikulu ngati nyerere pa chiwala. Amenewo ndi maboti okoka ndi kukankha zombo. Boti likamayenda, chipangizo cha AIS chimaulutsa pamene lili, liwiro lake ndi kumene lalunjika, pa masekondi 2 mpaka 10 alionse, ndipo nambala 52 ndiyo imasonyeza kuti ndi lokoka. Koma chimene eni ntchito amayamba kufunsa, AIS siyiulutsa: kodi mukalimangirira chingwe ku chitsulo chapagombe, injini n'kuzitsegula zonse, limakoka matani angati?

Pamenepa katswiri ndi Island Victory ya ku Norway, yomwe inayamba ntchito mu 2020: matani 477, kusiya Far Samson pa 423. Komatu ziwirizi ndi zombo zapakati pa nyanja, zotumikira okumba mafuta, padoko zingangothina. Boti lapadoko lokoka matani 70 ndi lamphamvu kale.

Ndiye musamuderere Sparky wa ku Auckland. M'litali safika mamita 25, amayendera mabatire, koma amakoka matani 70 omwewo. Anafika mu 2022 monga boti loyamba la magetsi la msinkhu wotha kukocheza zombo zazikulu. Antwerp nayo mu 2023 inatulutsa Hydrotug 1, loyamba kuyendera mpweya wa haidrojeni, ngakhale dizilo silinamusiye konse.

Kum'mwera kuno kunali John Ross ndi Wolraad Woltemade za ku South Africa, zopulumutsa zombo pangozi, zomwe mu 1976 zinkawerengedwa zamphamvu koposa padziko lonse.

Pa zoonereredwa ndi anthu ambiri, ndikukayika ngati alipo oposa maboti amene anazula Ever Given, chombo cha mamita 400 chomwe chinapingasa ngalande ya Suez mu Malichi 2021. Anthu osadziwa n'komwe za zombo ankatsatira Alp Guard ndi Carlo Magno pafoni, mpaka chimphonacho chinayandama pa 29.

Gogo wa onsewa ndi Charlotte Dundas, boti la William Symington. Mu 1803, pa ngalande ya Forth and Clyde ku Scotland, anakoka mabwato awiri a matani 70 lililonse, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Eni ngalande anamukana, ati mafunde ake agumula magombe.