ZAKUDYA ZA AMWENYE NDI MACHAINA ZAFIKA PA MBALE YA MUNTHU WAMBA KU KAFUE

Ndi Mtola Nkhani Wathu

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wopita ku Livingstone ndi ku Chirundu amafika m'tauni ya Kafue atayenda makilomita pafupifupi 45. Apaulendo ambiri amangopitirira, maso ali pa mlatho ndi pa nsomba zogulitsa m'mbali mwa mseu. Koma amene atsika basi ndi kulowa m'kati mwa tauni adzaona kuti nyumba zodyeramo za masiku ano sizigulitsa nsima ndi nkhuku zokha ai. Pa bolodi la zakudya pamapezekanso mpunga wokazinga, samusa, nyama ya curry ndi noodles, zimene makolo athu akale sanazilawepo.

Nyumba zotere ndi zazing'ono, ndipo wophika wake kawirikawiri ndi mwana wa muno m'Zambia. Sanena kuti cakudya cake ndi ca ku China ceniceni kapena ca ku India ceniceni. Iye watenga kaphikidwe ka alendo, nakaphatikiza ndi mpunga, nsomba ndi masamba a m'minda yathu. Ici ndico cifukwa cake nkhaniyi ikhudza inu owerenga athu a kumidzi, pakuti zonse za m'mbalemo zicokera kwa mlimi ndi msodzi.

KAFUE NDI ALENDO AKE

Kafue ndi tauni imene inazolowera alendo kuyambira kale. Mlatho wa njanji pa mtsinje wa Kafue unamangidwa mu 1906. Dziko litalandira ufulu, Boma linasankha malo ano kukhala tauni ya mafakitale, ndipo kunamangidwa Kafue Textiles yoomba nsalu, Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza, pamodzi ndi nyumba za anchito za ku Kafue Estates. Fakitale ya feteleza, imene inayamba nchito mu 1970, inamangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Kobe Steel. Pambuyo pake fakitale ya nsalu inatsekedwa, ndipo mabanja ambiri amene anali kudalira malipiro a pamwezi anayamba kudzifunira okha zocita. Ena anatsegula tuntemba, ena anayamba kuphika ndi kugulitsa cakudya.

Mu 2015 kampani ya ku China ya Sinohydro inayamba kumanga malo opangira magetsi a Kafue Gorge Lower m'boma la Chikankata, ndipo nchitoyo, ya mphamvu yokwana mamegawati 750, inatsirizidwa mu 2023. Kulikonse kumene Machaina agwira nchito yaikulu, monga anacitira pomanga njanji ya TAZARA kuyambira 1970 kufikira 1975, amakhala ndi khichini lawo ndi dimba lawo, ndipo anyamata athu othandiza pophika amaona zonse ndi maso. Nchito ikatha, mlendo apita kwao, koma luso litsala m'manja mwa wothandiza uja. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Za Amwenye, owerenga a ku Cigawo ca Kum'mawa azidziwa bwino kuposa ife. Amwenye oyamba anafika ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, mu 1905, ndipo ambiri a iwo kwao kunali ku Gujarat. Aliyense amene anagulapo nsalu ku Down Shops ku Chipata kapena ku Kamwala ku Lusaka adziwa fungo la zokometsera zawo. Samusa anatuluka m'makhichini a mabanja amenewo kalekale, kotero kuti mwana wa sukulu wogula samusa pa siteshoni ya basi lero saganiza n'komwe kuti akudya cakudya ca cilendo.

M'KATI MWA KANYUMBA

Wolemba nkhani ino analowa m'kanyumba kena kotere nthawi ya cakudya ca masana. Munali matebulo owerengeka cabe, mipando yapulasitiki, ndi cidebe ca madzi cokhala ndi mpopi pakhomo, sopo ali pambali. Odya anali anthu wamba: oyendetsa malole, amai awiri ovala yunifomu ya kunchito, ndi mkulu wina wacikulire amene anaitanitsa nsima yake monga mwa masiku onse, osasamala za mpunga wa anzake.

Tinaitanitsa mpunga wokazinga ndi nsomba. Khichini linali poonekera, ndipo tinatha kuona nchito yonse kuyambira paciyambi. Ciwaya ca wophikayo ndi cacitsulo, cozungulira pansi ngati cipanda. Eni ake ku China amacigwiritsa nchito masiku onse, ndipo m'Cingerezi cichedwa wok. Asanayatse moto, zonse zinali zitadulidwa kale tizidutswa tating'ono: anyezi, adyo, jinja, kaloti, tsabola ndi masamba aja amene m'misika yathu timangowacha kuti chainizi. Moto utakolera kwambiri anathira mafuta pang'ono, naponya adyo ndi jinja, kenaka dzira, masamba, ndipo pomalizira mpunga wophika kale umene unali utazizira. Dzanja silinapume. Asanathe mphindi khumi cakudya cinali pa tebulo, utsi uli tolotolo.

Mpunga unali wonunkhira, wosamatana, ndipo masamba anali obiriwira, olira m'mano. Apa ndipo pamene mai wa kumudzi angapukuse mutu ndi kunena kuti ndiwo sizinapse. Ife tinazolowera kuwiritsa repu ndi cibwabwa kufikira zitafewa ndithu. Koma a zaumoyo amaphunzitsa kuti masamba owiritsidwa nthawi yaitali amataya zina mwa zofunika m'thupi, makamaka ngati madzi ake atayidwa. Pa mfundo imeneyi, ngakhale amai atikwiyire, wophika wa ciwaya sanalakwe.

Nsomba inakazingidwa yathunthu, niikidwa msuzi wofiira wa shuga ndi viniga. Kunena zoona, nsomba yotsekemera ndi cinthu cimene lilime la Mnyanja limayamba lacikana. Pa kuluma kwacitatu lilime ligonja, koma mtima umafunabe nsima yoti utapire msuziwo. Mwini nyumba adziwa zimenezi, ndipo mphika wa nsima sucoka pa moto. Timitengo tiwiri todyera tinalipo kwa ofuna kuyesa. Mnyamata wina pa tebulo loyandikana nafe analimbana nato kwa kanthawi, mpunga uli mbwee pa tebulo, kenaka anapempha supuni anzake akuseka.

Madzi akuda amcere amene amathira m'mpunga amapangidwa ndi soya, tirigu ndi mcere, zimene zimasungidwa kwa miyezi kuti zisase monga momwe timasasitsira mowa wa masese. Soya yemweyo amene alimi a ku Lundazi, Katete ndi Petauke alima ndi mbeu imene kwao ndi ku China. Kumeneko amapanga naye mkaka, ndi cakudya cina coyera cofewa cochedwa tofu. Kuno timadziwa kwambiri mafuta ophikira, cakudya ca nkhuku ndi nyama ya soya ya m'mapaketi. Odwala matenda a kuthamanga kwa magazi acenjere ndi msuzi wakudawu, pakuti mcere wake ndi wambiri, ndipo si mwano kupempha wophika kuti acepetseko.

Cinanso coyenera kufunsa musanaitanitse ndi mtundu wa nyama. Zakudya zambiri za Machaina zimakhala ndi nyama ya nkhumba, imene Asilamu ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist sadya. Amwenye a cipembedzo ca Cihindu ambiri sadya ng'ombe, ndipo ena sadya nyama iriyonse. Nyama ikadulidwa tizidutswa ndi kusakanizidwa ndi masamba siidziwika ndi maso. Funsani.

NKHANU ZA KU AUSTRALIA

Cimene cinatidabwitsa koposa ndi mbale ya tizirombo tofiira tonga nkhanu, ta mcira wautali ndi mapanda awiri akulu, timene anthu aticha crayfish. Kanyama aka si ka mu Kafue. Kwao ndi ku Australia, ndipo kanabweretsedwa muno kuti kaziwetedwa m'maiwe. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 kanayamba kuoneka mu mtsinje wa Kafue katathawa m'maiwemo, ndipo kanaswana kwambiri m'dambo lalikulu la Kafue Flats. Kalinso m'nyanja ya Kariba.

Kwa msodzi kanyamaka ndi mdani. Iye achera ukonde madzulo, m'mawa apeza nsomba zogwidwa zadyedwa mimba ndi maso, ndipo ukonde wabooka pocotsa tiziromboti. Nsomba yolumidwa palibe woigula pa mtengo wabwino. Kuonjezera apo, anthu athu ambiri sadya crayfish, ena cifukwa ca cipembedzo, ena cifukwa ca kuipidwa ndi maonekedwe ake.

Koma ku China nyama zamtunduwu ndi ndiwo zapamwamba, zophikidwa ndi adyo ndi tsabola wambiri. Machaina okhala ku Lusaka ndi mahotela ena anayamba kuzigula, ndipo lero pali asodzi amene amachera miono dala kuti azigwire ndi kuzigulitsa m'mbali mwa mseu pafupi ndi mlatho. Nyama yake iri m'mcira, ndi yoyera, ndipo ndi yocepa poyerekeza ndi nchito yosenda. Wolemba nkhani ino aona kuti popeza kanyamaka sikadzacokanso mu mtsinje, kuli bwino kakhale mu mphika kusiyana ndi mu ukonde. Cimene sitiyenera kucita ndi kukanyamula kamoyo kukaponya m'madamu a kumidzi ndi m'mitsinje yothira mu Luangwa poganiza kuti tikuweta cuma. Asodzi a ku Kafue angakuuzeni mtengo wake wa kulakwa kotero.

UKHONDO NDI MADZI

Nyumba yodyeramo iriyonse, yaikulu kapena yaing'ono, iyenera kukhala ndi cilolezo ca khonsolo, ndipo ogwira cakudya ayenera kupimidwa kucipatala ndi kukhala ndi cikalata. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsanso lamulo la citetezo ca zakudya mu 2019. Izi si zovutitsa amalonda cabe. Matenda a kolera amene anabuka mu Okutobala 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko muno, masukulu anacedwa kutsegulidwa mu Januwale 2024, ndipo bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Wodya ali ndi ufulu woona kumene mbale zitsukidwa ndi kumene madzi acokera.

Kaphikidwe ka ciwaya kali ndi ubwino wakuti cakudya ciphikidwa pomwepo pa moto waukali, ndipo cidyedwa cakutentha. Ngozi yake iri mu mpunga. Mpunga wophika ukasiyidwa pofunda kwa maola ambiri umamera tizirombo totsegula m'mimba, ndipo kuukazinganso sikucotsa ululu wonse. Uyenera kuziziritsidwa msanga ndi kusungidwa mu firiji. M'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, eni tinyumba totere anali pa mayeso aakulu, pakuti firiji yopanda magetsi ndi kabati cabe. Wophika wanzeru pa nthawi yotere amaphika mpunga wokwanira tsiku limenelo lokha.

Za nsomba nazonso anthu afunsa masiku ano. Pa 18 Febuluwale 2025 damu losungira zonyansa za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi kutsikira mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inaonongeka, ndipo mzinda wa Kitwe unakhala masiku opanda madzi a m'mipopi. Chambishi iri kutali kwambiri kumtunda kwa tauni ya Kafue, koma mtsinje ndi umodzi, ndipo wogula salakwa pofuna kudziwa kumene nsomba yake yacokera. Nsomba zambiri za m'misika ya Lusaka ndi Kafue tsopano ndi zowetedwa m'makola a pamadzi ku Siavonga. Ndizo zimenenso zimagwira msika kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, pamene Boma limaletsa kusodza kuti nsomba ziswane.

MSIKA WA MLIMI

Wophika wa ciwaya safuna katundu wambiri nthawi imodzi. Afuna wocepa, watsopano, wobwera masiku onse osaphonya. Afuna chainizi, anyezi wa masamba, tsabola, kaloti, adyo, jinja ndi mazira. Adyo ndi jinja zimagulidwa pa mtengo wokwera poyerekeza ndi kulemera kwake, ndipo sizivunda msanga pa ulendo monga matimati. Mlimi wa dimba amene wazolowera repu ndi matimati okhaokha, ndi kukalira pa msika pamene onse akolola tsiku limodzi, angacite bwino kufunsa mlangizi wa zaulimi ngati nthaka yake ingalole mbeu zimenezi.

Mpunga ndiwo mutu wa zonse. Wa ku Chama, wa ku Mongu ndi wa ku Nakonde udziwika ndi fungo lake labwino, koma m'masitolo upikisana ndi mpunga wocokera kunja, woyera, wosasweka, wopanda kamwala. Wophika amene anthu akudikira pa tebulo alibe nthawi yokhala pansi ndi licero kusankha miyala ndi mankhusu. Tinaona thumba limene mpunga wathu wa tsikulo unacokera. Linali la muno m'Zambia, ndipo mtsikana wothandiza m'khichini anali pa mpando kuseri kwa nyumba, licero pa miyendo, akusankha wa mawa.