Mpando wachiwiri wa mwana m'galimoto: musafulumire kuupereka

Makolo anzanga, mwana akangoyamba kuyenda ambiri mumati wakula. Ndiye ngati mipando yake ya m'galimoto yoyang'ana kumbuyo ija ilipo iwiri, umodzi mumafuna kugulitsa kapena kupatsa achibale. Ine ndikuti dikirani kaye.

Mutu wa mwana wa zaka 2 ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lake, pomwe mafupa a m'khosi sanakhwime. Galimoto ikawomba chinthu, mwana woyang'ana kutsogolo mutu wake umaponyedwa, khosi n'kukokeka. Woyang'ana kumbuyo, mutu, khosi ndi msana zimatsamira pampando nthawi imodzi. N'chifukwa chake ku Sweden ana ambiri amakhala choncho mpaka zaka 4. Za miyendo musadandaule, amangoipinda basi.

Nanga wachiwiriwo ngwachiyani? Taganizani tsiku lomwe bambo apita kuntchito mpando uli m'galimoto mwawo, mwana n'kutentha thupi, agogo n'kubwera ndi yawo kuti muthamangire kuchipatala. Mayi mudzamuika pamiyendo, si choncho? Monga namwino wopuma ndikuuzeni mosabisa: pangozi manja a mayi sangamugwire mwana, ngakhale liwiro likhale lochepa.

Choncho ngati mwana amakwera galimoto ziwiri, usungeni, ndipo muumangiretu m'galimoto inayo. Koma werengani kapepala komatidwa m'mbali mwake kaja. Kamanena kulemera ndi msinkhu wololedwa, komanso chaka chomwe unapangidwa, poti pulasitiki imafooka ikakhalitsa. Womwe unachitapo ngozi, kapena wapakaunjika wosadziwika mbiri yake, utayeni. Ndipo chonde, musaumange pampando wakutsogolo pomwe pali airbag yogwira ntchito.