Gemu ili ndi chilema, nanga bwanji sakuisiya?

Pamalo ambiri ochitira malonda m'dziko muno, kuseri kwa maokala kapena pafupi ndi pometera tsitsi, sipalephera kupezeka kachipinda momwe anyamata amaunjikana patsogolo pa kanema kusewera mpira wa pa PlayStation. Amalipira pa gemu iliyonse, ndipo wogonja amapatsira mnzake padi n'kubwerera pamzere.

Amene adaimapo pakhomo la kachipinda kotere amadziwa kuti nthawi zina pakanemapo pamachitika zosamveka. Goloboyi amangoima chilili mpira ukumudutsa m'miyendo. Osewera awiri akagundana, mmodzi amauluka ngati watengedwa ndi kamvuluvulu. Pena gemu imangouma masewero ali mkati, mpaka mwini malo kuzimitsa makina ndi kuyatsanso.

Ikadakhala simbi yositira kapena wailesi yochita zoterezi, ikadabwerera kusitolo tsiku lomwelo. Koma anyamatawa amangoseka, kunyoza pang'ono, kenako n'kupisanso m'thumba. Makolo ambiri, omwe ndiwo amatulutsa ndalamazo, amadabwa kuti kodi chinthu cholakwika chonchi chili ndi chiyani kuti mwana asachisiye.

Khalidweli si la kuno kokha. Padziko lonse, anthu miyandamiyanda, akulu ndi ana omwe, amakhululukira magemu omwe amawakonda ngakhale ali ndi zilema zoonekeratu. Mbiri ya magemuwa ikuonetsa kuti kukhululukaku kuli ndi zifukwa zake, komanso kuli ndi malire ake.

Chilema chimabwera bwanji?

Gemu ya pakanema ndi mulu wa malangizo omwe anthu amalembera kompyuta: wosewera akadina apa, mpira upite uku, awiri akagundana, zichitike zakuti. Magemu akuluakulu amakhala ndi mizere ya malangizo miyandamiyanda, yolembedwa ndi anthu mazanamazana kwa zaka zingapo. Malangizo awiri akasemphana, pakanema pamaoneka zachilendo.

Akatswiri amatcha cholakwika chotere kuti bug, kutanthauza kachilombo. Mawuwa ndi akale, koma adatchuka kwambiri ndi zomwe zidachitika mu 1947 pa yunivesite ya Harvard ku America, pomwe ogwira ntchito adapeza kagulugufe ka usiku katakanirira mkati mwa kompyuta yotchedwa Mark II. Adakachotsa n'kukamata m'buku lawo la zochitika.

Makampani amalemba anthu ntchito yongosewera gemu n'cholinga chofufuza zilemazi isanapite pamsika. Koma anthu ochepawo sangayesere chilichonse chomwe osewera miyandamiyanda adzachite gemuyo ikatuluka. N'chifukwa chake gemu yaikulu yopanda chilema ndi yosowa.

Zilema zina zidasanduka chuma

Chifukwa choyamba chomwe osewera sathamangira kukwiya n'chakuti zina mwa zinthu zomwe amazikonda kwambiri zidayamba ngati zolakwika.

Mu 1978, katswiri wa ku Japan, Tomohiro Nishikado, adapanga gemu yotchedwa Space Invaders, momwe wosewera amawombera adani 55 otsika kuchokera kumwamba. Makina a nthawiyo adali ofooka, kotero adaniwo akakhala ambiri pakanema ankayenda pang'onopang'ono, ndipo akamachepa ankathamanga chifukwa makinawo apepukidwa. Nishikado adaona kuti izi zikupangitsa gemuyo kulimba pamene munthu akuyandikira kupambana, ndipo adazisiya momwemo. Lero pafupifupi gemu iliyonse imalimba pamene ikupita patsogolo.

Gemu ya nkhonya ya Street Fighter II, yomwe kampani ya Capcom idatulutsa mu 1991, ili ndi mbiri yofanana. Opanga ake adafewetsa kadinidwe ka mabatani kuti anthu asamavutike, ndipo mosayembekezera zidatheka kuti wosewera aponye nkhonya zingapo zotsatizana mdani asanapeze mpata wodziteteza. Adazisiya, ndipo kamenyedwe kameneka, kotchedwa combo, kadasanduka msana wa magemu onse a nkhonya.

Nayenso Markus Persson wa ku Sweden, yemwe adayambitsa gemu ya Minecraft mu 2009, ankafuna kupanga nkhumba koma adasokoneza miyezo: utali adauika pa msinkhu. M'malo mwa nkhumba padatuluka chinthu chachitali choimirira. Adachipaka mtundu wobiriwira, n'kuchitcha Creeper, ndipo chidasanduka chizindikiro cha gemu yomwe pofika 2023 idali itagulidwa koposa ka 300 miliyoni.

Walira mvula walira matope

Chifukwa chachiwiri, chomwe chili chachikulu kuposa zonse, n'chakuti wosewera amayeza chilema ndi zomwe gemuyo ikumupatsa.

Chitsanzo chabwino ndi gemu ya Skyrim, yomwe kampani ya Bethesda ya ku America idatulutsa pa 11 Novembala 2011. M'gemuyi munthu amaponyedwa m'dziko lalikulu la mapiri, midzi ndi mapanga, ndipo amapita komwe akufuna, kuchita zomwe akufuna. Koma zilema zake zidatchuka ngati gemuyo. Mahatchi ankakwera mapiri oti njo! Chimphona chikamenya wosewera ndi chibonga, mtembo wake unkauluka mpaka kumitambo. Kampaniyo itayesa kukonza zina patangotha masabata ochepa, zinjoka zouluka za m'gemuyo zidayamba kuuluka chafutambuyo.

Anthu adaseka, adajambula, adatumizirana, koma sadasiye. Chimphona chija sichidakonzedwe mpaka lero, ndipo osewera amachiona ngati mbali ya gemuyo. Ena mwa iwo adadzipereka mwaulere kukonza zolakwika mazanamazana zomwe kampaniyo idasiya. Mu 2023, mkulu woyang'anira gemuyi, Todd Howard, adalengeza kuti yagulidwa koposa ka 60 miliyoni.

Osewerawa amadziwa kuti ufulu womwe amaukonda ndiwo umabweretsa zilemazo. Gemu yomwe imalola munthu kuchita chilichonse ili ndi malo ambiri osemphanirana malangizo kuposa yomwe imamuyendetsa m'kanjira kamodzi. Akuluakulu adanena kale kuti walira mvula walira matope.

Ndi momwenso zilili m'kachipinda ka mpira kaja. Mnyamata sadabwere kudzaona zithunzi zokongola. Wabwera kudzagonjetsa mnzake anthu akuona, ndi kukhala ndi nkhani yokamba pobwerera kunyumba. Goloboyi akalakwitsa, lero zapweteka uyu, mawa zidzapweteka winayo. Bola mpikisano ulipo, chilemacho chimangowonjezera phokoso ndi kuseka.

Ndalama yolowa imamanga munthu

Pali chifukwa chachitatu chomwe osewera ambiri sakonda kuchivomereza. Munthu akalowetsa ndalama kapena nthawi pa chinthu, zimamuvuta kuvomera kuti chinthucho n'chachabe.

Mu 1985, akatswiri a za maganizo a anthu, Hal Arkes ndi Catherine Blumer, adasindikiza kafukufuku yemwe adachita pa nyumba ya zisudzo ya yunivesite ya Ohio ku America. Anthu ogula matikiti a chaka chonse adawagawa mwamaere: ena adalipira mtengo wonse wa madola 15, ena adawachotsera madola 2, ndipo ena madola 7. M'theka loyamba la nyengo ya zisudzoyo, omwe adalipira mtengo wonse adapita kukaonera kambiri kuposa anzawowo, ngakhale zisudzo zidali zomwezo.

N'chimodzimodzi ndi munthu yemwe wagula gemu pa madola 60 kapena 70, womwe ndi mtengo wa magemu akuluakulu atsopano, kapena yemwe wataya miyezi kuphunzira mabatani ake. Kusiya kumamveka ngati kutaya zonsezo. Apa kukhululuka kumasakanikirana ndi kudziteteza, ndipo nthawi zina munthu amaikira kumbuyo gemu pamene kwenikweni akuikira kumbuyo chisankho chake.

Pomwe mtima umakana

Komabe si chilema chilichonse chomwe chimakhululukidwa. Chikagwira pamtima pa gemu, anthu amachoka.

Mu 1982, kampani ya Atari idapatsa katswiri wake, Howard Scott Warshaw, masabata asanu okha kuti apange gemu yochokera pa filimu yotchuka ya E.T. kuti ifike m'sitolo nyengo ya Khirisimasi isanadutse. Osewera ankangogwera m'maenje mobwerezabwereza, osapeza chosangalatsa. Magemu ambiri sadagulidwe ndipo ena adabwezedwa. Mu 1983 kampaniyo idakwirira makatiriji pafupifupi 700,000 a magemu osiyanasiyana, kuphatikizapo E.T., padzala la mumzinda wa Alamogordo ku New Mexico. Ambiri ankayesa nthano mpaka mu 2014 pomwe malowo adakumbidwa ndipo ena mwa magemuwo adapezeka.

Okonda mpira akukumbukira za pa 30 Sepitembala 2021, pomwe kampani ya Konami, yomwe kwa zaka zambiri idatchuka ndi gemu ya PES, idatulutsa eFootball 2022. Nkhope za akatswiri monga Lionel Messi ndi Cristiano Ronaldo zidaoneka zopotoka, osewera ankathamanga modabwitsa, ndipo mpira weniweniwo sunkaseweredwa bwino. Gemuyo idali yaulere, choncho panalibe ndalama yomanga munthu. Anthu adaidzudzula koopsa, Konami idapepesa, ndipo gemu yokonzedwa bwino idatuluka mu Epulo 2022.

Koma chomwe chimakwiyitsa osewera kuposa zonse ndi kuona kuti anamizidwa. Gemu ya Cyberpunk 2077, ya kampani ya CD Projekt ya ku Poland, idalengezedwa mu 2012 ndipo anthu adaidikira zaka zisanu ndi zitatu. Anthu 8 miliyoni adalipiriratu isanatuluke. Itatuluka pa 10 Disembala 2020, omwe adali ndi makina akale a PlayStation 4 ndi Xbox One adapeza kuti ikuumauma ndi kudzizimitsa yokha. Zidadziwika kuti atolankhani omwe adaiyamikira isanatuluke adangopatsidwa ya pakompyuta, pamene ya pamakina akalewo idabisidwa.

Patangotha sabata imodzi, kampani ya Sony idachotsa gemuyo m'sitolo yake ya pa intaneti ndi kulonjeza kubweza ndalama kwa ofuna, zomwe sizichitikachitika kwa gemu yaikulu chonchi. Mu Januwale 2021, mmodzi mwa eni kampaniyo, Marcin Iwiński, adaonekera pa vidiyo kupepesa. Gemuyo idabwerera m'sitolo ya Sony mu Juni 2021.

Chodabwitsa n'chakuti pamapeto pake anthu adakhululuka. Kampaniyo idatha zaka zitatu ikukonza gemuyo, ndipo pofika Novembala 2024 idali itagulidwa koposa ka 30 miliyoni. Nkhani yake ndi mzinda wake zidali zokoma kuyambira pachiyambi, choncho zilema zitachoka anthu adapeza chobwererera. E.T. idalibe mwayi wotere: nthawi imeneyo gemu ikatuluka inkakhala yatuluka, panalibe njira yoikonzera.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi

Kuleza mtima kwa osewera kuli ndi mtengo wake. Makampani adaphunzira kuti angathe kugulitsa gemu yosamalizidwa lero, n'kumaikonza pambuyo pake kudzera pa intaneti. Kwa munthu wa ku London kapena Tokyo izi n'zongodikira pang'ono. Kwa banja la kuno n'zina, chifukwa zokonzerazo nthawi zambiri zimakhala za magigabaiti makumi angapo, ndipo bandulo ya intaneti yotha kukoka zimenezo si ya masewera. Makina omwe salumikizidwa pa intaneti amakhala ndi chilema chomwe anthu akunja adaiwala kalekale.

Palinso zinthu zina zomwe zimaoneka ngati zofooka za gemu koma zidaikidwa mwadala. Magemu ambiri, makamaka a pafoni, amachedwetsa wosewera kapena kumulimbitsira zinthu kuti agule thandizo. M'magemu a mpira a kampani ya EA, omwe ankatchedwa FIFA mpaka mu 2023 pomwe dzina lidasintha kukhala EA Sports FC, munthu amatha kugula phukusi la osewera asakudziwa yemwe ali mkatimo. Mu Epulo 2018, bungwe loona za juga ku Belgium lidagamula kuti maphukusi otere ndi juga, ndipo mu Januwale 2019 EA idasiya kugulitsa m'dzikomo ndalama za m'gemu zogulira maphukusiwo.

Apa ndi pomwe makolo ayenera kutsegula maso. Hatchi yokwera phiri kapena goloboyi woima chilili sizichotsa kanthu m'thumba la banja. Koma gemu yomwe imafuna ndalama kawirikawiri kuti mwana apite patsogolo ikudyera pa chikondi chomwecho chomwe chimamupangitsa kukhululuka.

Njira yosavuta yosiyanitsira ndi kuona nkhope ya mwana gemu ikalakwitsa. Ngati akuseka ndi kuitana anzake kuti adzaone, ndiye kuti akupezabe chomwe adabwerera. Ngati akukwiya tsiku ndi tsiku koma sakutha kusiya, kapena wayamba kupempha ndalama zowonjezera kuti zinthu ziyende, ndi nthawi yokhala naye pansi. Ndipo kwa amene akufuna kugula gemu yatsopano, nkhani ya anthu 8 miliyoni aja ili ndi phunziro: kudikira masabata angapo kuti amve kaye kwa omwe aisewera. Paja safunsa adadya phula.