Wachitatu Anapambana Bwanji ku Frome?

Kodi chisankho chachibwereza cha ku Frome chinabwera chifukwa chiyani?

Frome linali dera la phungu m'chigawo cha South Australia, chomwe chili ndi Nyumba ya Malamulo yakeyake ya mipando 47. Phungu wa derali, Rob Kerin wa chipani cha Liberal, yemwe anakhalapo nduna yaikulu ya chigawochi kuyambira 2001 mpaka 2002, anatula pansi udindo mu Novembala 2008. Anthu anakaponya voti pa 17 Januwale 2009.

Ankalimbirana mpandowo ndani?

Odziwika anali Terry Boylan wa Liberal, John Rohde wa Labor, Neville Wilson wa National, ndi Geoff Brock woima payekha, meya wa Port Pirie, tauni ya fakitale yosungunula mtovu.

Brock anali wachitatu poyamba. Nanga mpando anautenga bwanji?

Kumeneko wovota sachonga dzina limodzi. Amalemba 1 m'kabokosi ka amene akumufunitsitsa, 2 m'ka wotsatira, mpaka timabokosi tonse titadzaza. Atawerenga ma 1 okha, Boylan anali ndi mavoti pafupifupi 39 pa 100 alionse, Rohde 26, Brock 24. Pa chisankho cha aphungu ku Malawi, nkhani ikanathera pomwepo. Koma kumeneko wopambana ayenera kupitirira theka, choncho wakumchira amachotsedwa ndipo mapepala ake amapita kwa amene ovotawo anamulemba motsatira. Wilson atachotsedwa, mapepala ake anakankha Brock mpaka kupitirira Rohde ndi mavoti 30 okha. Apo Rohde ndiye anagwa, ndipo otsatira Labor ambiri anali ataika Brock patsogolo pa Boylan. Brock anamaliza ndi 51.7 pa 100.

A Liberal anaziona zikubwera?

Ayi. Mtsogoleri wawo, Martin Hamilton-Smith, analengeza chipambano kuwerenga kusanathe, poganiza kuti otsala awiri omaliza adzakhala Boylan ndi Rohde.

Mpando umodzi unasintha chiyani?

Pa chisankho chachikulu cha 2014, Labor inapeza mipando 23, Liberal 22, oima paokha awiri. Mmodzi mwa awiriwo, Bob Such, anapita kutchuthi chifukwa cha matenda. Winayo, Brock, anasankha kugwirizana ndi Labor, Jay Weatherill wa chipanicho n'kukhalabe nduna yaikulu, ndipo Brock anapatsidwa unduna woona za chitukuko cha madera akumidzi.